Kugwiritsa Ntchito Zida za AI Pokonza Zochita ndi Kukhazikitsa Maganizo Ngati Muli ndi ADHD

Munthu amene ali ndi ADHD, vuto la ubongo limene limachititsa kuti kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kukhazikika ndi kudziletsa kuzivuta, amatha kudziwa bwino lomwe kuti kalata ina iyenera kuyankhidwa lero, kuti yankho lake silingapose mizere itatu, ndiponso kuti akachedwa nayo adzaona mavuto, koma milungu iwiri n'kudutsa kalatayo idakali pomwepo. Oonera patali amati ndi ulesi, ena amamukumbutsa za zengerezu amene adalinda kwaukwau, osadziwa kuti mwini wakeyo watopa kale ndi kudziimba mlandu. Chimene chimavuta kwenikweni ndi luso la ubongo loyendetsa zochita: kusunga mfundo m'mutu pamene manja ali pa ntchito, kusankha poyambira, kuyerekeza kutalika kwa nthawi, ndi kudziletsa pamene china chokopa chatulukira. Russell Barkley, katswiri wa ku America amene wafufuza za ADHD kwa zaka zambiri, amalangiza kuti zimene mutu ukulephera kusunga ziziikidwa kunja kwa mutu, pamalo ndi pa nthawi imene ntchitoyo ikuchitikira. Malangizo ali m'munsimu atsamira pa mfundo imeneyi, ndipo chida cha AI tikuchitenga ngati malo otulirapo katundu wa m'mutu, ntchito yeniyeniyo ikhalabe m'manja mwanu.

Zida za AI zimene tikunena pano ndi mapulogalamu a pa foni kapena pa kompyuta amene mumawalembera kapena kuwalankhula monga mmene mungachitire ndi munthu, iwo n'kukuyankhani. ChatGPT, ya kampani ya OpenAI, inatulutsidwa pa 30 Novembala 2022, ndipo pambuyo pake panabwera zina monga Claude ya Anthropic, Gemini ya Google ndi Copilot ya Microsoft. Zonsezi zinaphunzitsidwa ndi zolembedwa zochuluka kwambiri, ndipo zimayankha polosera mawu amene akuyenera kutsatira. Pa kusanja zinthu zobalalika, kuduladula ntchito yaikulu ndi kukonza mawu a kalata, zimachita bwino kwambiri. Koma pa madeti, manambala ndi mfundo zofunika umboni, zimatha kulakwitsa uku zikulankhula motsimikiza ngati zikunena zoona.

Musanayambe

Chida cha AI sichingakuuzeni ngati muli ndi ADHD kapena ayi, ndipo sichiyenera kukuuzani mlingo wa mankhwala. Buku la DSM-5, lotsogolera madokotala popima mavuto a maganizo, limene bungwe la American Psychiatric Association linatulutsa mu 2013, limati zina mwa zizindikiro ziyenera kukhala zitayamba munthu asanakwanitse zaka 12, ziyenera kuoneka m'malo oposa amodzi, monga kunyumba ndi kuntchito kapena kusukulu, ndipo ziyenera kukhala zikusokoneza moyo wa munthuyo. Bukuli limayerekeza kuti ana 5 mwa 100 alionse, ndi akuluakulu awiri kapena atatu mwa 100 alionse, ali ndi vutoli. Kusagona mokwanira, nkhawa ndi matenda a kukhumudwa zimathanso kubalalitsa maganizo mofananamo, n'chifukwa chake kupima ndi ntchito ya dokotala. Ngati mukumwa mankhwala a ADHD monga methylphenidate kapena atomoxetine, mafunso onse okhudza mankhwalawo azipita kwa amene anakulemberani. Amene sanapimidwe koma akuvutika ndi kuiwala ndi kuzengereza angathebe kutsatira masitepe awa.

Sitepe yoyamba: chida chimodzi, vuto limodzi

Chiyeso chachikulu ndi kuika pa foni mapulogalamu asanu tsiku limodzi, kuchezera usiku wonse mukuwakonza, kenako n'kuwaiwala onse sabata isanathe. Ubongo wa ADHD umathamangira chatsopano mwamsanga, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani chida chimodzi chimene chimatseguka mwachangu pa foni imene mumayenda nayo, ndipo chiikeni pa tsamba loyamba la foniyo pamene chala chimafika mosavuta. Kenako dzifunseni kuti ndi pati pamene zinthu zimakupulumukani kawirikawiri. Ena amavutika kuyamba, ena amayamba koma samaliza, ena amaiwala zimene analonjeza, ndipo ena amachedwa kulikonse kumene akupita. Tchulani vuto limodzi lokha, lilembeni m'chiganizo chimodzi, ndipo kwa milungu iwiri chidacho chizigwira ntchito pa vuto limenelo basi.

Sitepe yachiwiri: chiuzeni mmene chizilankhulira nanu

Zida izi zikasiyidwa zokha zimakonda kuyankha motalika, ndi mitu, timitu ndi mfundo zambirimbiri, zimene kwa munthu wosowa poyambira zimangosanjika mtolo pamwamba pa mtolo wina. Zambiri mwa izo zili ndi malo m'gawo la Settings pamene mumalemba malangizo okhazikika, amene zimawatsatira nthawi iliyonse mukayamba kucheza nazo. Ngati simukuwapeza malowo, sungani malangizowo m'kope la pa foni kuti muziwakopera kumayambiriro kwa macheza. Mungalembe motere:

“Ndimavutika kuyamba ntchito ndipo ndimaiwala msanga. Uzindiyankha mwachidule, osapitirira mizere isanu. Uzindipatsa chochita chimodzi pa nthawi imodzi, kenako uzidikira mpaka nditakuuza kuti ndatha. Usandipatse zosankha zoposa ziwiri. Ndikayamba kufunsa zosakhudzana ndi ntchito imene ndatchula, undikumbutse mofatsa za ntchitoyo. Usamandiyamikire pa chilichonse, ndipo ngati dongosolo langa silingatheke, undiuze.”

Mzere womalizawo musausiye. Zida izi zili ndi chizolowezi chovomereza zimene wozigwiritsa ntchito wanena, moti mukachiuza kuti lero mumaliza ntchito 15, chikhoza kukuomberani m'manja m'malo mokuchenjezani. Simukukakamizidwa kutchula ADHD. Kufotokoza zimene zimakuvutani n'kokwanira. Dziwaninso kuti zidazi zimamva bwino zilankhulo zimene zili ndi zolembedwa zambiri pa intaneti, monga Chingerezi, kuposa zina, choncho yankho likamabwera lopotoka, yesani kulemba ziganizo zifupizifupi kapena kusintha chilankhulo.

Sitepe yachitatu: khuthulani za m'mutu

M'mawa uliwonse, kapena madzulo ngati ndi pamene mutu wanu umagwira bwino, tcherani alamu ya mphindi 5 n'kulemba kapena kulankhula chilichonse chimene chikuzungulira m'mutu: bilu yoti mulipire, foni yoti muimbe, ntchito ya kuofesi, babu limene lapsa, buku limene munabwereka n'kuiwala kubweza. Musasanje, musakonze kalembedwe, ndipo musaime kuti muganizire ngati chinthucho n'chofunika. Anthu ambiri kulankhula kumawayendera kuposa kulemba, chifukwa maganizo amathamanga kuposa zala, ndipo batani la maikolofoni lili pa kiyibodi ya mafoni ambiri.

Alamu ikalira, uzani chidacho kuti chigawe zimene mwanenazo m'magulu atatu: zimene tsiku lake lomalizira layandikira, zimene zingadikire, ndi zimene ndi nkhawa chabe zopanda chochita. Gulu lachitatuli limadabwitsa, chifukwa mumatha kupeza kuti zambiri zimene zimakulemerani sizinali ntchito n'komwe. Pambuyo pake chiuzeni chikusankhireni zinthu zitatu za lero ndi kupereka chifukwa chake m'mzere umodzi. Inu ndinu amene mukudziwa khalidwe la abwana anu ndi lonjezo limene silingaphwanyidwe, choncho sinthani pamene chalakwitsa, koma musapitirire zitatu. Musaiwale kuwerenga: posanja mndandanda wautali chidacho chimatha kugwetsa chinthu chimodzi mwakachetechete, kotero chiuzeni chiike manambala pa zonse munanena, inu muone ngati zakwanira.

Sitepe yachinayi: duladulani ntchito mpaka poyambira papepuke

Apa ndi pamene zida izi zimapindulitsa kwambiri, ndipo ndi pomwenso anthu ambiri amalakwitsa kafunsidwe. M'mawu awiri akuti “lembani lipoti” mwabisala zosankha zambiri: fayilo ili kuti, manambala achokera kwa yani, mutu woyamba ukhala uti. Ubongo ukaona zonsezi nthawi imodzi umagwira njakata, dzanja n'kupita ku foni. Mukangouza chida kuti “ndithandize kulemba lipoti”, chidzakupatsani mndandanda wooneka bwino wa masitepe monga “sonkhanitsani mfundo” ndi “konzani dongosolo”, amene akulemera chimodzimodzi ndi lipoti lenilenilo.

M'malo mwake fotokozani pamene muli ndi chimene chili patsogolo panu: “Ndakhala patebulo, kompyuta ndi yotseka, ndiyenera kulemba lipoti la mwezi la masamba awiri, ndipo ndalizemba kwa masiku anayi. Ndipatse chinthu chimodzi chimene ndingachite ndi manja anga m'mphindi ziwiri.” Yankho labwino limakhala longa ili: yatsani kompyuta, pezani lipoti la mwezi watha, likopereni n'kulipatsa dzina la mwezi uno. Mukatero bwererani n'kulemba liwu limodzi lokha, “ndatha”, kuti mulandire chotsatira, chimene mwina chidzakhala kufufuta manambala akale n'kusiya mipata. Pofika pa chochita chachinayi kapena chachisanu, kawirikawiri mumapezeka kuti mwalowa kale m'ntchito ndipo simukufunanso wokutsogolerani. Zikatero chisiyeni chidacho, musabwerere ngakhale kukachithokoza.

Sitepe imene mwapatsidwa ikamakulemeranibe, musadziimbe mlandu. Ndiye kuti ikadali yaikulu. Nenani kuti “idule pakati”, kangapo konse, mpaka thupi livomere kusuntha. Pali tsamba la pa intaneti lotchedwa Goblin Tools, lopangidwira anthu amene ntchito zotere zimawavuta, limene lili ndi gawo lotchedwa Magic ToDo. Mumalemba ntchito yanu n'kusankha chiwerengero cha tizithunzi ta tsabola posonyeza mmene ntchitoyo ikukuwawirani, ndipo tsabola akachuluka, ntchitoyo imadulidwa m'tizidutswa tating'ono kwambiri. Komabe nthawi zina chokutsekerezani chimakhala mantha, monga kuopa kuti wolandira kalata wakwiya kale ndi kuchedwa kwanu. Pamenepo uzani chidacho kuti chikufunseni mafunso atatu, limodzilimodzi, mpaka mupeze chimene mukuopa n'kuchitchula, chifukwa kuduladula ntchito imene mukuiopa kumangochulukitsa zinthu zoti muope.

Sitepe yachisanu: ikani nthawi poonekera

Anthu ambiri amayerekeza mochepetsa nthawi imene ntchito idzatenge, ndipo akatswiri a za maganizo Daniel Kahneman ndi Amos Tversky analemba za chizolowezi chimenechi mu 1979. Kwa munthu wa ADHD vutoli limakula, chifukwa nthawi imakhala ngati ili ndi zigawo ziwiri zokha, tsopano ndi tsiku lina. Njira yolichepetsera imafuna kupirira kwa sabata imodzi. Musanayambe ntchito lembani mphindi zimene mukuganiza kuti itenga, ndipo mukamaliza lembani zimene yatengadi. Sabata ikatha perekani manambalawo kwa chida kuti chikuwerengereni kusiyana kwake pa mtundu uliwonse wa ntchito. Mwachitsanzo, ngati munkati kuyankha maimelo ndi mphindi 20 koma kumatenga 40, ndiye kuti pa ntchito imeneyo muzichulukitsa kawiri zimene mutu wakuuzani, ndipo mfundo imeneyi muiike m'malangizo okhazikika aja kuti dongosolo lililonse liziiganizira.

Pa zinthu zokhala ndi ola lake, chiuzeni chiwerenge chobwerera m'mbuyo. Ngati msonkhano ukuyamba 10 koloko m'mawa ndipo ulendo ndi wa mphindi 30, chikuuzeni nthawi yotulukira pakhomo, yovalira, yosambira ndi yosiyira chimene mukuchita, kuphatikizapo mphindi 10 zofunafuna makiyi, zimene amene ali ndi vutoli akudziwa kuti zidzafunika ndithu.

Mfundo imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse ndi iyi: dongosolo limene latsala m'macheza ndi chida lafera momwemo. Macheza simuwaona pokhapokha mutawatsegula, ndipo kukumbukira kuwatsegula ndi ntchito yomweyo imene mutu ukulephera. Chilichonse chokhala ndi tsiku kapena ola chisamutsireni nthawi yomweyo mu kalendala ya pa foni, monga Google Calendar, ndipo chikhale ndi alamu yolira, popeza chikumbutso chachete chimakwiririka pansi pa mauthenga ena. Pali mapulogalamu monga Motion ndi Reclaim amene amaika okha ntchito m'mipata ya kalendala ndi kuzisuntha zinthu zikasintha. Amathandiza anthu amene tsiku lawo limadzaza ndi misonkhano, koma kwa ena amangowonjezera china choti azichisamalira. Posamutsa, yang'anani deti lililonse ndi maso anu. Ine chida china chinandiuzapo motsimikiza kuti tsiku lomalizira kupereka fomu ligwa Lachisanu, pomwe kalendala inkasonyeza Lachinayi, ndipo ndikanachikhulupirira ndikanapita nayo fomuyo tsiku litadutsa.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: mukakhala pansi kugwira ntchito

Njira ya Pomodoro, imene Francesco Cirillo anaiyambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, imati mugwire ntchito mphindi 25, mupume mphindi 5, ndipo mukachita zimenezi kanayi mupume motalikirapo. Manambalawa mukhoza kuwasintha. Ena amakwanitsa mphindi 10 zokha poyamba, pomwe ena akalowa m'ntchito alamu ya mphindi 25 imawadukiza n'kuwataya. Yesani kutalika kosiyanasiyana kwa masiku angapo, n'kusunga kumene kukukuyenderani.

Musanatchere alamu, lemberani chida chiganizo chimodzi chonena chimene muchite m'chigawo chimenechi, kenako chitsekeni. Kuchitseka n'kofunika, chifukwa chinthu chimene chimayankha funso lililonse nthawi yomweyo ndi msampha kwa munthu wachidwi: mumalowa kukafunsa za lipoti, ola limodzi likamatha muli pa nkhani ya mmene nyenyezi zimafera. Pa chifukwa chomwechi, kukonza dongosolo ndi chida kusapitirire mphindi 5, popeza kukonzakonza dongosolo kumaoneka ngati ntchito pomwe ndi kuzemba kwaulemu. Ikani pepala ndi cholembera pambali panu, ndipo funso kapena ganizo likabwera, lilembeni papepalapo n'kubwerera ku ntchito. Mudzalifunsa pa nthawi yopuma. Yatsaninso zotchingira mauthenga zimene zili kale m'foni, monga Focus pa iPhone kapena Digital Wellbeing pa Android.

Peter Gollwitzer, katswiri wa za maganizo wochokera ku Germany, anaonetsa m'kafukufuku wake kuti cholinga chimakwaniritsidwa mosavuta munthu akanenatu kuti “chakuti chikachitika, ndichita chakuti”. Pemphani chida chikuthandizeni kulemba ziganizo ziwiri zotere zokhudza zimene zimakusokonezani inuyo, monga “ndikazindikira kuti ndatola foni, ndiziibweza m'dirowa n'kuwerenganso mzere womaliza umene ndalemba”. Alamu ikalira, musanadzuke pampando, lembani pamene mwalekera ndi chimene chikutsatira, ngakhale m'mawu asanu okha. Kubwerera ku ntchito imene yadukizidwa kumavuta ngati kuiyamba kumene, ndipo kamzere kameneka ndi kamene mudzawerenge, kapena kupatsa chida, mukabwerera mutaiwala pamene munali.

Anthu ambiri a ADHD amagwira bwino ntchito pakakhala munthu wina pafupi amene akugwira yake mwakachetechete, ndipo pamenepa chida cha AI sichingafanane ndi maso a munthu. Tsamba la Focusmate limalumikiza anthu awiri pa vidiyo kuti aliyense agwire ntchito yake mnzake akumuona, koma m'bale kapena mnzanu amene wavomera kukhala nanu chipinda chimodzi angathandize chimodzimodzi.

Sitepe yachisanu ndi chiwiri: makalata ozembedwa ndi zowerenga zazitali

Pa kalata imene mwaizemba, lankhulani mfundo zanu mosakonza, uzani chida chiziike m'kalata ya mizere isanu yopepesa kamodzi kokha, iwerengeni mokweza, sinthani mawu amene inu simungawanene, ndipo itumizeni musanadzuke. Pa zolembedwa zazitali, NotebookLM ya Google imayankha kuchokera m'mafayilo amene mwaipatsa ndipo imasonyeza pamene yatenga mfundo iliyonse, zimene zimakupatsani mwayi wotsimikiza. Chidule chikuthandizeni kudziwa polowera, koma mgwirizano woti musaine, pepala la malangizo a mankhwala ndi malamulo a mayeso muziwerenga nokha. Ophunzira ayambe afunsa zimene sukulu yawo imalola.

Pa zonsezi samalani ndi zimene mukulemba. Manambala achinsinsi, manambala a akaunti ya ku banki, zinsinsi za kuntchito ndi nkhani za umoyo wa anthu ena zisalowe m'macheza. Makampani ambiri amasunga macheza, ndipo ena amawagwiritsa ntchito pophunzitsa zida zawo pokhapokha mutazimitsa chilolezocho m'gawo la Settings, choncho yang'anani gawoli tsiku loyamba lomwelo.

Dongosolo likagwa

Kugwa lidzagwa ndithu, mwina pamene chatsopano chija chasiya kukoma, choncho konzekeranitu. Tcherani alamu yobwereza sabata iliyonse, ndipo ikalira khalani pansi mphindi 10, uzani chida zimene zinatheka ndi zimene sizinatheke, n'kuchipempha kuti chikusonyezeni chinthu chimodzi chokha choti musinthe. Ngati mwadumpha masiku ambiri, musathamangire kutsegula mndandanda wakale, chifukwa mizere yosachongwa imadzutsa manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene amabweza munthu ku kuzemba. Tsegulani macheza atsopano n'kulemba kuti: “Ndasiya dongosolo kwa masiku 12. Usandifunse chifukwa chake. Ndifunse zimene ziyenera kutha m'masiku atatu akubwerawa, kenako undipatse chochita chimodzi cha mphindi ziwiri.” Mndandanda wakale mudzauona pambuyo pake, ntchito imodzi itatheka, ndipo pouona fufutani chilichonse chimene chakhalamo mwezi wathunthu popanda wochifunsa, kupatula zolipira, za kuchipatala ndi zimene munalonjeza munthu.